Kodi Angerezi anaumva kwa ndani Uthenga Wabwino?

Mayi wina amene amaphunzitsa Sande sukulu mu mpingo wa Anglican wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti iwo anakula akudziwa kuti Augustine, mmonke wochokera ku Roma, ndiye anapititsa Chikhristu ku England m'chaka cha 597, koma mwana wawo wa ku koleji wawatsutsa, akuti Akhristu analiko kale Augustine asanabadwe n'komwe. "Ndiye anawa ndiziwauza ziti?" atero mayiwo.

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi funso limeneli. Inu ndi mwana wanu nonse mukunena zoona, kungoti mukukamba za mitundu iwiri ya anthu okhala pa chilumba chimodzi.

Mwana wanu akunena za eni nthaka akale, otchedwa Britons, amene ankalamulidwa ndi Aroma. Iwowa Chikhristu anachilandira kalekale. Mu 314, pa msonkhano wa mabishopu ku Arles, m'dziko la France la lero, kunafika mabishopu ochokera ku London ndi ku York. Mu 1975, ku Water Newton kunapezeka zikho ndi mbale zasiliva za m'zaka za m'ma 300, zina zili ndi chizindikiro cha dzina la Khristu. Patrick, uja anakalalikira Chikhristu ku Ireland, kwawo kunali ku Britain komweko. Bambo ake anali dikoni, agogo ake wansembe. Koma anthu amenewa sanali Angerezi. Makolo a Angerezi anaoloka nyanja kuchokera kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark m'zaka za m'ma 400, ulamuliro wa Aroma utatha, ndipo anabwera ndi milungu yawo monga Woden ndi Thunor. Awa ndiwo Papa Gregory anawatumizira Augustine.

Nkhani ya 597 tonse tinaitenga kwa munthu mmodzi, mmonke Bede wa ku Jarrow, amene anamaliza buku lake la mbiri ya mpingo pakati pa Angerezi mu 731. Ine Bede ndimamulemekeza kwambiri. Ankatchula kumene wamva nkhani, ankakopera makalata a apapa momwe analili, zinthu zimene olemba ambiri a nthawi yake sankachita. Koma analemba patadutsa zaka zoposa 130 chifikireni Augustine, ndipo anali ndi mbali yake. Ma Britons anali nawo kukhosi. Ankawaimba mlandu woti anakana kulalikira Angerezi, komanso woti ankakumbukira Pasaka pa tsiku lolakwika. N'chifukwa chake akatswiri a mbiri a masiku ano, monga Henry Mayr-Harting ndi James Campbell, Bede amamuwerenga mosamala, akuyang'ananso zimene anangozitchula modutsa.

Chimodzi mwa zimenezo ndi mkazi wa mfumu. Augustine atafika ku Kent, anapeza kuti Bertha, mkazi wa mfumu Æthelberht, anali Mkhristu kale. Anali mwana wa mfumu ya ku Paris, ndipo pokwatiwa anabwera ndi bishopu wake, Liudhard. Ankapemphera m'katchalitchi ka St Martin ku Canterbury, kamene kalipo mpaka lero. Choncho Augustine sanafike pa tsala. Mlimi wina anali atagalauza kale. Ndiye mu 2003, pokonza msewu ku Prittlewell m'chigawo cha Essex, anafukula manda a munthu wolemekezeka wa Chingerezi, ndipo munali timitanda tiwiri tagolide timene zikuoneka kuti anatiika pamaso pa malemuyo. Zoyeza zikusonyeza kuti anaikidwa pakati pa 575 ndi 605. Mwina ndiye kuti mtanda unafika m'nyumba zachifumu Augustine asanapondeko phazi.

Pali nkhani ina imene Bede yemweyo sanaibise, ndipo imandikhudza nthawi zonse. Mabishopu a ma Britons asanakakumane ndi Augustine, anakafunsa nzeru kwa mkulu wina wopemphera yemwe ankakhala payekha. Iye anawauza kuti akafike mochedwerapo, ndipo Augustine akakaimirira powaona, adziwe kuti ndi munthu wodzichepetsa, amutsate. Atafika, Augustine anangokhala chikhalire pa mpando wake. Mgwirizano unathera pomwepo. Inu mayi mukudziwa mmene zimapwetekera mkulu akalowa m'nyumba, wina osasuntha n'komwe.

Kumpoto nako ntchito ya amishonale ochokera ku Roma inavuta. Mmodzi wa iwo, Paulinus, anabatiza mfumu Edwin ku York mu 627, koma Edwin ataphedwa pa nkhondo patangodutsa zaka zochepa, Paulinus anathawira ku Kent. Amene anadzutsanso mpingo kumeneko anachokera ku chilumba cha Iona, kumene Columba wa ku Ireland anakhazikitsa nyumba ya amonke cha mu 563. Mfumu Oswald, yomwe inabatizidwa ili kothawa nkhondo pakati pa anthu amenewa, inaitanitsa mphunzitsi, ndipo Aidan anafika ku Lindisfarne cha mu 635. Chingerezi sankachidziwa bwino. Ndiye akamalalikira, mfumu yomweyo inkaimirira pambali pake n'kumamasulira nduna zake mawu aliwonse. Aidan ankayenda wapansi mudzi ndi mudzi, ndipo hatchi yabwino imene mfumu ina inamupatsa, iye anaipereka kwa wopemphapempha. Miyambo iwiriyi, wa ku Roma ndi wa ku Iona, inadzakumana pa msonkhano wa ku Whitby mu 664, ndipo mfumu Oswiu inagamula kuti atsate wa ku Roma.

Musaganizenso kuti anthu anatembenuka tsiku limodzi. Rædwald, mfumu ya ku East Anglia, anabatizidwa ku Kent, koma atabwerera kwawo anali ndi maguwa awiri m'kachisi mmodzi, lina la Khristu, lina la milungu yakale. Papa Gregory mwiniwake, m'kalata ya mu 601, analangiza kuti akachisi asawagwetse, angochotsamo mafano n'kuwadalitsa, ndipo ng'ombe zimene ankapha pa nsembe aziphabe koma za phwando loyamika Mulungu. Chilumba cha Wight chinalandira Chikhristu pomalizira penipeni, cha mu 686, chitagonjetsedwa pa nkhondo yoopsa.

Ana anuwo muwauzekonso za mmonke wina, Hadrian. Bede akunena momveka kuti anali wa ku Africa. Papa wa nthawi imeneyo anafuna kumuika kukhala arkibishopu wa Canterbury, iye anakana n'kuloza Theodore wa ku Tarsus, kwawo kwa mtumwi Paulo. Theodore anafika mu 669, Hadrian n'kumutsatira, ndipo awiriwa anatsegula sukulu ku Canterbury yophunzitsa Malemba, ndakatulo, zakuthambo ndi kuwerengera tsiku la Pasaka. Hadrian anakhala kumeneko zaka pafupifupi 40. Pomwe Bede ankalemba, ena mwa ophunzira awo anali adakali moyo, akuyankhula Chilatini ndi Chigiriki ngati chinenero chobadwa nacho.