Kodi mkaidi akathawa ku Zomba, amamusaka ndi asilikali?

Mayi a ku Chinamwali, mwafunsa ngati asilikali a ku Cobbe Barracks ndiwo amasaka mkaidi wothawa kundende yaikulu ya Zomba kapena ku Mikuyu, komanso ngati amaloledwa kumuwombera akangomuona. Ambiri timaganiza choncho poona kuti asilikaliwo tili nawo pafupi, koma si mmene zimayendera.

Oyamba kuthamanga ndi oyang'anira ndende eni ake. Amawerenganso akaidi kuti adziwe wasowa ndani, n'kudziwitsa apolisi. Apolisiwo ndiwo amatchinga misewu, monga wopita ku Liwonde ndi wa ku Jali, ndi kufufuza kumudzi kwa wothawayo. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amalola asilikali kuthandiza akuluakulu a boma pa ntchito zawo, koma kuthandiza sikulanda ntchito. Atamugwira iwowo, ayenera kumupereka kupolisi, osati kumusunga kubalakisi kapena kumulanga okha. Kuthawa m'manja mwa boma ndi mlandu pawokha, ndipo woweruza ndi khoti.

Asilikali amatenga nkhani yonse m'manja mwawo ngati wothawayo ndi msilikali mnzawo amene anamutsekera pa mlandu wa kuntchito. Pamenepo amamusaka ndi apolisi achisilikali, ndipo mlandu umazengedwa potsata malamulo a asilikali.

Tsono za mfutizi, apa mpamene pandikhudza kwambiri. Ngakhale kunkhondo kwenikweni, pangano la ku Geneva la 1949 lokhudza akaidi ogwidwa pankhondo limati kuwombera wothawa ndi chinthu chomaliza, ndipo ayambe amuchenjeza. Akagwidwanso asanafike kwa anzake, chilango chake n'chongomuwongolera, ndipo kumutsekera sikupitirira masiku 30. Ngati mdani amene dzulo lake amakulozetsa mfuti akutetezedwa chomwecho, nanga mwana wa mnzathu amene anamangidwa chifukwa cha mbuzi n'kuthawa ali kumunda wa ndende? Ena mwa othawawo ndi oopsa ndithu, sindikukana, ndipo woyang'anira ndende ali ndi mphamvu yogwiritsa ntchito mfuti ngati njira zina zonse zakanika. Koma munthu amene waima n'kukweza manja sawomberedwa, ngakhale mlandu wake utakula bwanji.

Ine mantha anga ali pa ifeyo m'mudzi. Mphekesera ikangomveka kuti akaidi athawa, mlendo aliyense wometa mpala amasanduka wothawa, anthu n'kuyamba kutola miyala. Mukamukayikira munthu, mayi, musamulondole nokha ndipo musakuwe kuti wakuba. Imbirani apolisi kapena uzani amfumu ndi apolisi a m'mudzi, munene mmene akuonekera ndi kumene walowera. Ndipo ngati wothawayo ndi m'bale wanu wabwera usiku kudzagogoda, dziwani kuti kumubisa kapena kumupatsa ndalama yoti aolokere nyanja ya Chilwa kungakugwetseni m'mlandu inunso. Mulimbikitseni akadzipereke yekha kupolisi, ndipo ngati akuopa kumenyedwa, amfumu amuperekeze masana anthu akuona.