Kodi injini wamba ingapirire nitrous oxide?

Funso: Akonzi, ndili ndi galimoto ya masilinda anayi yomwe injini yake sinasinthidwe kalikonse chichokereni ku fakitale. Kodi ndingaikemo nitrous oxide popanda kuiwononga?

Yankho: N'zotheka bambo, malinga injiniyo ili bwino ndipo simukuchita dyera ndi mphamvu. Nitrous oxide ndi mpweya umene amaupopera mu injini kuti iwonjezere mphamvu. Mpweya umenewu ukatentha kufika madigiri Celsius pafupifupi 300 umasweka n'kutulutsa okosijeni, ndipo okosijeni wochulukayo amafunanso petulo wochuluka. Apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu, chifukwa petulo akachepa, moto wa m'silinda umatentha mopitirira muyeso mpaka kuboola pisitoni. N'chifukwa chake ine ndimakonda zida zotchedwa wet kit, zomwe zimapopera nitrous pamodzi ndi petulo wake, komabe makaniko ayambe waona ngati pampu ya petulo ingakwanitse ntchito yowonjezerayi.

Pa injini ngati yanuyi musawonjezere mphamvu kuposa ma horsepower 50. Ikani mapulagi ozizirirapo (omwe nsonga yake siitentha kwambiri), chedwetsani spaki ndi madigiri 2 a kuzungulira kwa injini, ndipo muzithira petulo wa octane yapamwamba (yemwe saphulika msanga m'silinda). Nitrous azitseguka pokhapokha mwaponda mafuta mpaka pansi ndipo injini yadutsa 3,000 rpm (kuzungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi), kwa masekondi osapitirira 15.

Botolo la nitrous limangidwe molimba m'buti, mphamvu ya mpweya wake ikhale pakati pa 900 ndi 1,000 psi, ndipo chonde musayerekeze kulitenthetsa ndi moto. Mukayesa koyamba, zulani mapulagi muwaone. Ngati nsonga yasungunuka kapena pali timadontho ta chitsulo tonyezimira, lekani pomwepo mpaka makaniko apeze chifukwa chake.