Funsani Amisiri: Thirakitala Yodziwongolera Yokha M'munda

FUNSO: Akuluakulu, ndili ndi Massey Ferguson 290 yakale ndi thirakitala ina yatsopano yomwe ogulitsa ku Lusaka anati ndi "steer ready". Kodi zonse ziwiri zingaikidwe makina odziwongolera okha? Mlimi wa ku Chongwe

YANKHO: N'zotheka, Bambo, koma njira zake n'zosiyana. Yakaleyo ilibe kompyuta yoti ilandire malamulo, choncho amamangirira mota yamagetsi pachiwongolero kuti izichipotokola ngati dzanja la dalaivala. Ndiyo njira yotsika mtengo, ndipo mota yomweyo mungaisamutsire pa thirakitala ina.

Yatsopanoyo ili kale ndi valavu ya hayidiroliki ndi sensa yoyeza kupotoka kwa mateyala akutsogolo. Chotsala ndi sikirini ndi risiva ya GPS, zomwe zimalumikizidwa pa CAN bus, mawaya awiri opotana omwe makompyuta a thirakitala amatumizirana uthenga. Musananyamule katunduyo, funsani ngati mtengowo ukuphatikiza nambala yotsegulira pulogalamu, chifukwa nthawi zambiri imagulitsidwa padera. Musanyengedwenso ndi pulagi ya ISOBUS ya mapini 9 kumbuyo kuja. Iyo ntchito yake n'kulumikiza makina obzalira kapena opopera. Sikutanthauza kuti makina owongolera a kampani iliyonse agwira.

Sigino yaulere yokonza zolakwa za GPS, ya EGNOS ku Ulaya ndi WAAS ku America, sinakonzedwere Zambia. Polima ndi kumwaza feteleza, sigino yolipira ya setilaiti imakwana. Pobzala chimanga kapena soya m'mizere yomwe mudzabwereremo, pamafunika RTK, sigino yolondola kwambiri yomwe imaphonya ndi masentimita pafupifupi 2.5 okha. Imabwera pa wailesi kuchokera ku base station ya pafamu (risiva yokhazikika pamalo amodzi), kapena pa intaneti ya SIM khadi ngati netiweki imafika m'munda monse.

FUNSO: Sikirini imaonetsa kuti tili pamzere, koma chimanga chikamera, mpata wa pomwe makina obzalira anakumana umakhala waukulu apa, waung'ono apo. Nthawi zina thirakitala imayenda mokhotakhota ngati njoka. Abwana akuti vuto ndine. Dalaivala wa ku Chisamba

YANKHO: Achimwene, apa pali matenda awiri, ndipo onse si a setilaiti.

Mpata ukamasinthana, waukulu kenako waung'ono, risiva kapena makina obzalira sizili pakati penipeni pa thirakitala. Yesani chonchi: yendani pamzere umodzi, imani, khomani chikhomo pansi pomwe pali pini ya drawbar, chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa thirakitala. Tembenukani, bwererani pamzere womwewo, ndipo mukafika pachikhomo yezani kusiyana. Mukapeza masentimita 10, risiva yasemphana ndi pakati ndi masentimita 5. Lembani 5 ameneyo mu sikirini. Ngati apa zili bwino, onani matcheni ogwira mikono ya hitch (pokolekera makina kumbuyo kwa thirakitala), chifukwa akakhwepa makina obzalira amapendekera mbali imodzi.

Mpata ukakhala wolakwika mofanana paliponse, m'lifupi mwa makinawo munalembedwa molakwika. Mizere 6 ya masentimita 75 ndi mamita 4.5, osati mtunda wochokera pa mzere woyamba kufika pa womaliza, womwe ndi 3.75. Ambiri amagwa pomwepa.

Pamalo otsetsereka, kumbukirani kuti risiva ili padenga, mamita pafupifupi 3 kuchoka pansi. Thirakitala ikapendekeka ndi madigiri 3 okha, risivayo imasuntha masentimita 16. Pali sensa yokonza zimenezi, koma iyenera kuchunidwa pamalo athyathyathya, thirakitala itayang'ana uku kenako uko, mateyala ali ndi mpweya wofanana.

Za kukhotakhota, musathamangire kusintha manambala. Injini ili chilire ndipo mabuleki atamangidwa, gwedezani chiwongolero wina akuyang'ana mateyala. Chikamayenda mateyala ali duu, ma tie rod end kapena ma kingpin (zitsulo zothandiza mateyala akutsogolo kukhota) atha, ndipo palibe pulogalamu ingabise zimenezo. Mukasintha zitsulozo, chunaninso sensa ya mateyala, kenako muzitsitsa mphamvu yokhotera pang'onopang'ono pa liwiro lomwe mumabzalira.

FUNSO: Sikirini imangolemba kuti yataya kulumikizana, makamaka tikagunda mabampu. Makaniko wa ku Kafue

YANKHO: Yambani ndi waya wa earth (wolumikiza batire ku chitsulo cha thirakitala) ndi mitu ya batire, kenako mapulagi: fumbi ndi chinyontho zimadya mapini, makoswe amadya mawaya. Kiyi ali woyatsa, waya uliwonse wa CAN uonetse mavoti oyandikira 2.5, mukapeza 0 kapena 12, wakhudzana ndi chitsulo kapena ndi waya wamoto. Ndipo musanawotcherere chilichonse pa thirakitalayo, chotsani batire ndi mapulagi a makompyuta onse.