Kodi Uthenga Umawoloka Bwanji Pakati pa Maselo a Ubongo?

FUNSO: Ndinamva kuti maselo a ubongo sagundana, koma amatumizirana timankhwala totchedwa neurotransmitter. Kodi timankhwalati timalowa m'selo linalo kuti uthenga upitirire?

YANKHO: Ayi, sitilowa, ndipo ntchito yake yonse imathera kunja. Pakati pa maselo awiriwo pali kampata ka mananomita 20 mpaka 40 (mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000). Timankhwalati tikawoloka kampatako timakamatirira pa mapuloteni otchedwa receptor, amene anazikika m'khungu la selo lolandira uthenga, ndipo ena mwa mapuloteniwa ali ndi kabowo pakati.

Tione receptor imene imalandira neurotransmitter yotchedwa acetylcholine, yomwenso chikonga cha m'fodya chimaigwira. Ili ndi zigawo zisanu zimene zinazungulira kabowoko, ndipo pamene palibe uthenga, zigawozo zimapanikizana pakatikati moti madzi ndi tinthu ta mchere tokhala ndi mphamvu ya magetsi, totchedwa ma ion, sizingadutse. Mamolekyu awiri a acetylcholine akamatirira kumtunda, puloteni yonse imapotoka pang'ono, zigawo zija zimapendekera kunja, ndipo ma ion a sodium amakhamukira m'selo n'kusintha mphamvu ya magetsi ya m'katimo, zomwe zimadzutsa selolo. Chodabwitsa n'chakuti pamene mankhwala amatirira ndi pamene patseguka ndi malo otalikirana pafupifupi mananomita 5, koma zonsezi zimachitika gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi lisanathe.

Receptor ya glutamate, yemwe ndi neurotransmitter ina, ili ndi zigawo zinayi, ndipo chilichonse chimafumbata glutamate ngati chikhatho. Kufumbatako n'kumene kumakoka khomo kuti litseguke.

Musaganize kuti kutseguka kulikonse kumadzutsa selo. Receptor ya GABA-A, yomwe imalandira neurotransmitter yotchedwa GABA, imalowetsa ma ion a chloride, amene mu ubongo wa munthu wamkulu amachititsa kuti selo lisafulumire kutumiza uthenga. Mankhwala a diazepam satsegula okha khomolo, koma amachititsa kuti lizitseguka pafupipafupi GABA akafika, n'chifukwa chake amagonetsa tulo ndiponso amaletsa kukomoka kwa khunyu.

Zimenezi si zongoganizira. Mu 1976, Erwin Neher ndi Bert Sakmann a ku Germany anayeza magetsi odutsa pa kabowo kamodzi kokha, ndipo anaona kuti kamatseguka kapena kutsekeka mwadzidzidzi, osati pang'onopang'ono. Ntchito imeneyi inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 1991.