Tsiku lobadwa la alamu ku Stellenbosch ndi Franschhoek: yankho kwa m'bale wathu wa ku Cape Town

M'bale wathu wina amene amagwira ntchito ku Cape Town wanditumizira imelo. Mayi a kunyumba kwake akukwanitsa zaka 40, ndipo akufuna kuwatenga kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu kukadya kumalo abwino, kukalawa vinyo ndi kukaona malo. Iye sanapondeko pafamu ya vinyo chibadwire, mayiwo ndi a Chigwirizano cha amayi ku CCAP ndipo samwa, ndalama nazo ndi zowerengeka. Funso lake ndi lakuti: tipite kuti, nanga mayi sakatopa ndi kungoonerera ine ndikulawa?

Achimwene, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yam'banja. Langizo langa lalikulu ndi ili: mwini tsikuli ndi alamu, choncho vinyo akhale kagawo chabe ka ulendo. Mafamu awiri akukwanirani masiku atatu onsewo. Ambiri amafuna kufika mafamu asanu tsiku limodzi, ndipo ikamakwana 3 koloko lilime lafa kale, vinyo aliyense akumveka chimodzimodzi, amene sakumwa uja akungoyang'ana pafoni.

Kagoneni ku Stellenbosch. Kuchoka ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 50 okha, ndipo poti ndi tawuni ya yunivesite, malo ogona ndi odyera a mitengo yofikirika amapezeka mosavuta kusiyana ndi ku Franschhoek, kumene zambiri amaikira mtengo alendo akunja. Pezani chipinda chapakati pa tawuni kuti madzulo muziyenda wapansi. Tawuniyi anaiyambitsa Simon van der Stel mu 1679 m'mbali mwa mtsinje wa Eerste, ndipo ndi yachiwiri kukalamba pa matawuni amene azungu anamanga ku South Africa. Lachisanu mukafika musadzipatse ntchito. Ikani zikwama, yendani pang'onopang'ono mu Dorp Street pansi pa mitengo ikuluikulu ya oki, muone nyumba zoyera za makedzana, kenako mudye chamadzulo chosavuta.

Mu msewu womwewo muli chinthu chimene ndikukhulupirira kuti chikawakhudza alamu kuposa botolo lililonse. Chakumtunda kwa Dorp Street kuli sukulu ya ubusa imene mpingo wa Dutch Reformed Church unatsegula mu 1859. Andrew Charles Murray anaphunzira pamenepo asanabwere kwathu, ndipo mu 1889 iye ndi T.C.B. Vlok anatsegula mishoni ya Mvera ku Dowa. Ntchito imene inayambira ku Mvera ndi imene inadzakula n'kukhala Sinodi ya Nkhoma. Munthu wa CCAP akaima pageti la sukuluyo amakhala waima pamalo amene mbiri ya mpingo wa kwawo inadutsa, ndipo kuima pamenepo n'kwaulere. Muwauze zimenezi mutafika pomwepo, osati muli m'galimoto.

Loweruka ndiye tsiku lenileni, ndipo funso loyamba kuliyankha musanadzuke ndi la woyendetsa. Lamulo la ku South Africa sililola kuyendetsa galimoto mowa m'magazi utafika 0.05 g pa 100 ml iliyonse, ndipo timagalasi tolawira tija, ngakhale timaoneka tochepa, tikafika khumi mwamwa ndithu. Ngati alamu ali ndi laisensi ndipo akukondwa kuyendetsa, vuto latha. Koma ine sindingawasandutse dalaivala pa tsiku lawo lobadwa. Pitani ku Franschhoek m'mawa, ndi makilomita 30 kapena kuposerapo pang'ono kudzera pamsewu wa m'phiri wa Helshoogte Pass, musiye galimoto, mukwere Wine Tram. Imeneyi ndi kasitima kothandizana ndi mabasi otseguka m'mbali, kamene kanayamba mu 2012 ndipo kamazungulira mafamu: mumatsika pamene mwafuna, n'kudzakweranso ikabwera ina. Matikiti gulani pa intaneti masiku angapo tsikulo lisanafike, ndipo dziwani kuti tikitiyo ndi yoyendera basi. Kulawa mumalipira padera pafamu iliyonse. Pobwerera madzulo chiwongolero chikhale m'manja mwa munthu amene sanamwe, apo ayi itanani Uber kuchokera ku Stellenbosch m'mawa momwe galimoto yanu igone kumalo ogona.

Tsopano za kulawa, poti mwati zikukuchititsani manyazi. Palibe mayeso. Mukafika amakukhazikani pansi, n'kukubweretserani mitundu isanu kapena kuposerapo, uliwonse pang'ono pansi pa galasi. Amayamba ndi vinyo woyera, kenako wofiira, wotsekemera kumapeto, chifukwa wamphamvu akatsogola amaphimba kukoma kwa wopepuka. Gwirani galasi kumwendo kwake kuti dzanja lisatenthetse vinyo, lizungulitseni pang'ono, nunkhizani, kenako mulawe. Patebulo pamakhala kachidebe kolavuliramo kapena kukhuthuliramo wotsala. Kwathu kulavula pamaso pa anthu ndi mwano, koma kumeneko ndi mmene akatswiri omwe amachitira, ndipo palibe amene angakuyang'aneni kawiri. Wothirayo akatchula mawu amene simukuwadziwa, funsani. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata a m'midzi yozungulira amene anaphunzira ntchitoyi, ndipo amasangalala ndi mlendo wofunsa.

Mitundu itatu ndi imene ndikanakonda kuti muilawe. Woyamba ndi Chenin blanc, vinyo woyera wochokera ku mphesa imene imalimidwa kwambiri kuposa ina iliyonse m'dzikomo. Wachiwiri ndi Pinotage, wofiira, amene ndi wobadwira ku Stellenbosch komweko: mu 1925 Pulofesa Abraham Perold anakwatitsa mphesa ya Pinot noir ndi ya Cinsaut, n'kutuluka mtundu watsopanowu. Ena amaukonda kwambiri, ena amati ndi wolemera pakamwa. Lawani mudziweruzire nokha. Wachitatu ndi Cap Classique, wa thovu uja, amene amawira kachiwiri ali kale m'botolo monga amapangira Champagne ku France. Famu ya Simonsig ndi imene inayamba kuupanga mu 1971. Alamu asamangokhala manja lende. Mafamu ambiri ali ndi juwisi wa mphesa, wina wa thovu, ndipo ena amakonza mbale ya tchizi kapena chokoleti. Imbani foni kapena lembani imelo kufunsa zimenezi musanasankhe famu, ndipo famu imene ilibe chowapatsa alamu muidumphe.

Chakudya chachikulu cha tsiku lobadwa chikhale chamasana, osati chausiku. Masana mapiri a Drakenstein ndi minda zimaoneka, ndipo simuyenda mumdima mutakhuta. Ikani ndalama zanu pa chakudya chimodzi chimenechi, zina zonse zikhale zapafupi. Sungitsani tebulo milungu iwiri kapena itatu isanakwane, muwauze kuti ndi tsiku lobadwa. Ngati ndi nyengo yotentha, pikiniki ya ku Boschendal, famu ya mu 1685, ndi yabwino: amakupatsani dengu la chakudya n'kukhala pakapinga pansi pa mitengo, koma nayo imafuna kusungitsiratu. Ngati ndi Juni mpaka Ogasiti, nthawi ya mvula ndi chisanu ku Cape, funani malo a moto wa nkhuni mudye waterblommetjie bredie, nyama ya nkhosa yophikidwa ndi maluwa a m'madamu, imene imapezeka nyengo imeneyo. Bobotie, nyama yogayidwa yothira zokometsera ya dzira pamwamba, imapezeka chaka chonse, ndipo malva pudding ikhoza kulowa m'malo mwa keke. Musaiwale kuti woperekera chakudya amayembekezera 10 peresenti ya bilu kapena kuposerapo. Iwerengereni m'bajeti kuyambira kunyumba.

Pali china chimene sindingachisiye. Nyumba zokongola mukazionezo zinamangidwa ndi akapolo, ndipo minda ija analima ndi iwo. Anthu a ku France othawa chizunzo cha chipembedzo amene anafika mu 1688 ali ndi chipilala chawo chachikulu kumapeto kwa msewu waukulu wa Franschhoek, ndipo n'choyenera kuchiona. Koma popita kapena pobwera muime pa Pniel, kamudzi ka pamsewu wa Helshoogte, kamene kanayamba mu 1843 ngati mishoni ya akapolo omasulidwa, ndipo zidzukulu zawo zilipobe. Ukapolo utatha, mafamu ambiri anapitiriza kulipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo, ndipo mabala a mchitidwe umenewo akuonekabe m'mabanja a m'derali. Inu amene mukudziwa kugwira ntchito kudziko la eni, ndikudziwa kuti mukawapatsa moni mwaulemu anthu amene mukawapeze akutengulira mpesa padzuwa.

Lamulungu musathamange. Ngati alamu akufuna kupemphera, Moederkerk, tchalitchi chakale cha Dutch Reformed Church, ili pakati pa Stellenbosch, kungoti mufunsiretu nthawi ndi chilankhulo cha mapemphero, chifukwa Chiafrikaans n'chimene chimamveka kwambiri kumeneko. Mukatuluka lunjikani ku Babylonstoren, famu yanu yachiwiri, imene ili ndi dimba lalikulu la zipatso, ndiwo zamasamba ndi zitsamba. Pakhomo pamalipiridwa, koma munthu amene anakulira pa khasu akhoza kutha maola atatu m'menemo akuzindikira mbewu ndi kufunsa za zachilendo, ndipo vinyo sakumusowa n'komwe. Kenako dutsani msewu wa R301 pakati pa Franschhoek ndi Paarl, muime pageti la ndende ya Drakenstein, imene kale inkatchedwa Victor Verster. Apa ndi pamene Nelson Mandela anatulukira pa 11 Febuluwale 1990, ndipo pali chiboliboli chake atakweza chibakera. Kuchoka apo msewu waukulu wa N1 uli pafupi, mukafika ku Cape Town dzuwa lisanalowe.

Chomaliza, simunandiuze mwezi umene alamu anabadwa. Ngati ndi pakati pa Januwale ndi Malichi, mukapeza akukolola mphesa, koma kumatentha kwambiri ndipo alendo amachuluka, choncho sungitsani zonse mwamsanga ndipo mutenge zipewa ndi madzi. Ngati ndi m'nyengo yozizira, malo ogona ambiri amatsitsa mitengo, ndipo ndalama yotsalayo mukhoza kuwagulira nayo mphatso. Ndilembereninso mundiuze mweziwo ndi ndalama imene mwakonza, tidzaone limodzi malo ogona. Mundiperekere moni ndi mafuno abwino kwa alamu.