Mwa matimu a Saban ku Alabama, yoopsa inali iti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu amene akugwira ntchito mumzinda wa Birmingham, m'chigawo cha Alabama ku America. Akuti pa nthawi ya nkhomaliro anzake sasiya kukangana za timu ya yunivesite ya Alabama. Ena amati ya 2009 ndiyo inali akatswiri enieni, ena ya 2011, ena ya 2020, ndipo iye amangokhala duu osalowererapo. Funso lake ndi lakuti, mwa matimu onse amene Nick Saban anaphunzitsa kumeneko, yabwino koposa ndi iti, kuti nayenso aziponyako mawu.

Achimwene, mwafika pakhomo loyenera, chifukwa ine mpira wooneka ngati dzirawu, womwe amati American football, unandilowa m'magazi, mpaka ndimadzuka 3 koloko m'bandakucha kukaonera fainolo anthu onse m'nyumba ali mtulo. Kwa amene simuudziwa, touchdown, kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo mbali ya adani, ndi mapointi 6, ndipo kumenya mpira ndi phazi kudutsitsa pakati pa mitengo iwiri, komwe amati field goal, ndi mapointi 3.

Saban anafika ku Tuscaloosa, mzinda umene kuli yunivesiteyi, mu 2007, napuma ntchito mu Januwale 2024 atatenga chikho cha dziko lonse kasanu ndi kamodzi ndi Alabama: 2009, 2011, 2012, 2015, 2017 ndi 2020. Za 2012, 2015 ndi 2017 sindichedwapo. Anali matimu abwino, ndipo masewera a Januwale 2018 pamene Tua Tagovailoa analowa m'chigawo chachiwiri timu ikugonja 13-0 kwa Georgia nkupambana 26-23 sadzaiwalika. Koma anzanuwo sakulakwitsa kukanganira atatu enawo.

Timu ya 2009 inapambana masewera onse 14. Mark Ingram anakhala wosewera woyamba wa Alabama kulandira mphotho ya Heisman, yomwe imapita kwa wosewera wabwino koposa m'mayunivesite chaka chilichonse, ndipo kugonjetsa Florida ya Tim Tebow 32-13 kunali kubweza chipongwe cha chaka cham'mbuyo. Anthu achikulire amaikonda chifukwa Alabama inali isanatenge chikho kuyambira 1992, ludzu linali lalikulu. Komabe inapulumuka mwa mwayi kangapo. Pa masewera ndi Tennessee, zigoli zinali 12-10 nthawi ikutha, Tennessee ili ndi mpata womenya field goal yopambanira. Terrence Cody wa Alabama, chimunthu chachikulu chomwe ankachitcha Mount Cody, anakankha omutchinga nkuuphula mpirawo ndi dzanja, kachiwiri tsiku lomwelo. Pa fainolo ndi Texas, quarterback wawo (wosewera woponya mpira ndi kutsogolera akutsogolo) Colt McCoy anavulala masewera atangoyamba kumene, ndipo Alabama inapambana 37-21 ikulimbana ndi mnyamata wa chaka choyamba. Mukafuna kuwaputa a 2009, atchulireni dzina la McCoy, muone nkhope zawo.

Ya 2011 ndiyo imandigwira mtima. Otchinga kumbuyo ake analola mapointi 106 okha m'masewera 13, pafupifupi 8 pa masewera alionse. Inagonja kamodzi, kwa LSU (yunivesite ya Louisiana State) pa bwalo la Alabama pomwe mu Novembala, 9-6, popanda touchdown ngakhale imodzi mbali zonse ziwiri, Alabama itaphonya ma field goal anayi. Anakumananso pa fainolo ku New Orleans pa 9 Januwale 2012, ndipo zimene zinachitika kumeneko zinali zomvetsa chisoni kwa LSU. LSU inayendetsa mpira kutsogolo mayadi 92 okha usiku wonse, ndipo inadutsa pakati pa bwalo kamodzi basi, masewera ali pafupi kutha. Zigoli 21-0: ma field goal asanu a Jeremy Shelley, kenako touchdown imodzi ya Trent Richardson. Unali mpira wosakoma kuonera ngati mumakonda zigoli, koma unali mpira wa Saban weniweni, womufinya mdani mpaka kusowa mpweya. Chinanso, mu Epulo 2011 mphepo yamkuntho inasesa mbali ya mzinda wa Tuscaloosa nkupha anthu ambiri, choncho kwa anthu akumeneko chikho chimenechi si cha mpira wokha. Muzilankhula mosamala pamenepo.

Banga lake ndi lakuti timuyi sinapambane ligi yake ya SEC. Inapatsidwa mwayi wachiwiri posankhidwa kusewera fainolo, Oklahoma State nkusiyidwa kunja, ndipo madandaulo a nthawi imeneyo anathandiza kuti mu 2014 kuyambike ndondomeko ya mapuleyofu.

Tsopano 2020, chaka cha Covid-19. Chifukwa cha mliri, ligi inachotsa masewera ndi timu zing'onozing'ono zomwe akuluakulu amapumirapo, moti Alabama inasewera masewera khumi motsatizana ndi timu za SEC zokhazokha. Inapambana onse, kenako Florida 52-46, Notre Dame 31-14 ndi Ohio State 52-24. Inkamwetsa mapointi opitirira 48 pa masewera alionse. Jaylen Waddle, mmodzi mwa othamanga kwambiri, anathyoka mwendo mu Okutobala, koma palibe chinasintha. Saban mwiniwake anadwala Covid nkuonera masewera ndi Auburn ali kunyumba, timu nkupambana 42-13 pansi pa womuthandiza wake Steve Sarkisian. Pa fainolo, DeVonta Smith, mnyamata wowonda ngati bango amene anali atangolandira Heisman, anawakha mipira 12 ya Mac Jones, mayadi 215 ndi ma touchdown atatu, zonsezi chigawo choyamba chisanathe. Tiyi wanga anazizira m'kapu usiku umenewo.

Koma onani chodabwitsa. Timu yomweyi inalola mapointi 48 kwa Ole Miss ndi 46 kwa Florida. Masewera awiri okha, mapointi 94, pamene ya 2011 inalola 106 chaka chonse. Mphunzitsi ndi yemweyo. Cha m'ma 2012 Saban ankadandaula poyera za timu zosewera mothamanga osapuma, koma ataona kuti mpira walowera komweko analemba ntchito Lane Kiffin mu 2014 kuti asinthe kasewereredwe kakutsogolo, ndipo pofika 2020 ankavomera yekha kuti kutchinga bwino sikukwaniranso kugonjetsa timu yodziwa kumwetsa. Ndiye mukayerekeza 2011 ndi 2020, mukuyerekeza mipira iwiri yosiyana yovala jezi imodzi.

Mwandifunsa kuti ndisankhe, ndipo sindizemba: 2020. Sinagonje, inalibe masewera opumirapo, ndipo kupatula Florida palibe timu inamaliza masewera ili pafupi nayo ndi mapointi ochepera 15. Akakuuzani kuti mabwalo anali opanda anthu ambiri komanso Ohio State inali itangosewera masewera 7 isanafike pa fainolo, avomereni, ndi zoona. Kenako afunseni kuti ndi ndani mwa otchinga kumbuyo a 2011 akanathamanga ndi Smith, muwasiye akangane okhaokha inu mukudya nkhomaliro yanu.