Besi yothamanga ya Giorgio Moroder inkapangidwa bwanji?

Funso: Akonzi, ndili ndi kasitudiyo kunyumba. Ndayesetsa kuimba besi yothamanga ngati ya m'nyimbo ya Donna Summer ya "I Feel Love" koma zala zikukanika. Anaipanga ndani, ndipo anatani? *Wowerenga wa ku Zomba*

Yankho: Zipumitseni zalazo achimwene, besi imeneyo sinaimbidwe ndi manja. Mwini luso ndi Giorgio Moroder, wobadwa mu 1940 ku Ortisei, kumpoto kwa Italy, yemwe anatsegula situdiyo ya Musicland m'chipinda chapansi pa nyumba yosanja ya Arabella ku Munich. Nyimboyi anaikonza ndi Pete Bellotte ndipo inatuluka mu 1977, pomwe disiko yambiri inkadalira magitala ndi mavayolini.

Ankagwiritsa ntchito Moog, chimakina chopanga mawu a nyimbo ndi magetsi, chonga kabati yodzaza mawaya, chokhala ndi sequencer yobwereza manotsi yokha. Injiniya Robbie Wedel ndiye anapeza nzeru: poyamba anajambula kaphokoso kowerengera nthawi pa tiraki imodzi ya tepi, kenako Moog n'kumatsatira kaphokosoko, motero zonse zojambulidwa pambuyo pake zinkagwera pamodzi. Vuto linali lakuti makinawo sankachedwa kusokonekera chuni. Ankajambula masekondi 20 kapena 30, kuimitsa, kuchuna, n'kuyambiranso. Ng'oma yaikulu ya Moog inkamveka yopanda mphamvu, ndiye woimba ng'oma Keith Forsey anaponda yekha ng'oma yeniyeni ndi phazi.

Liwiro mukulimvalo ndi delay, chipangizo chobwereza mawu pakapita kamphindi. Pa kompyuta yanu chitani chonchi. Ikani tempo (kugunda kwa pa mphindi imodzi) pa 120, lembani manotsi awiri pa kugunda kulikonse, afupiafupi. Kugunda kumodzi ndi mamilisekondi 500, choncho delay ikhale pa 125 kuti mawu obwerera agwere pakati penipeni pa manotsi anu. Mukasintha tempo, gawani 60,000 ndi tempoyo, yankho mugawenso ndi 4. Feedback, yomwe imachulukitsa kubwereza kwa delay, ikhale pa ziro. Mukaikweza, manotsi amaunjikana n'kusanduka phala. Manotsi akatalika, amaphimba mawu obwerera aja ndipo kuthamanga kumatha.

Chimodzi chokha musatengere. Pa nyimbo ija besi yeniyeni ili sipika ina, yochedwa ili sipika inzake. M'mahedifoni zimakoma zedi, koma m'holo wovina amene waima pafupi ndi sipika yochedwayo amamva besi ikutsutsana ndi ng'oma. Ngati nyimbo yanu n'njokavinidwa pa ukwati, zonse ziwiri muzisendeze chapakati, yochedwayo muitsitseko pang'ono, ndipo muimvetsere pa mono (mawu onse kutuluka mofanana ngati m'sipika imodzi) musanaitulutse.